Nsalu ya Nyenyezi

Mutu 7

1. Botolo la pa bolodi

Pa sekondale yoyendera ya Msambamfumu, kuseri kwa msika wa Lirangwe, kemisitile ankaphunzira ndi choko. Aphunzitsi ankajambula botolo pa bolodi, n'kujambulanso kamoto pansi pake, kenako n'kunena kuti, "Taonani ana inu, madzi aja asanduka ofiira." Ana onse ankavomera kuti aona. Nanga akanatani? Labu panalibe.

Zimenezi zinkamuwawa kwambiri Hafsa, mtsikana wa folomu 3. Iye ankafuna kudzagwira ntchito ya mankhwala ku chipatala. Koma pa mayeso a folomu 4 pamafunika kuti munthu agwire botolo lenileni ndi manja ake, ndipo chaka ndi chaka ana a pa Msambamfumu ankayoyoka pamenepo ngati mango a mu Disembala.

Lolemba lina ahedi, Bambo Howard, anafika pa asembule atavala tayi, chinthu chimene sankachita wamba.

"Ana inu, mwayi watipeza," anatero. "Abwenzi atsopano akufuna kumanga labu imodzi m'dera lino. Masukulu amene akuwaganizira ndi awiri, ife ndi ena a ku Mdeka. Lachitatu la sabata yamawa akubwera kudzationa."

Abale, phokoso lake! Mbuzi zimene zinkadya kuseri kwa folomu 1 zinathawa osayang'ana m'mbuyo.

Tsono kuti mumve bwino, pa Msambamfumu panali abwenzi a mitundu iwiri. Abwenzi akale anali a dziko lalikulu la kumadzulo, lija lakhala ndi mawu pa dziko lonse kuyambira agogo anu ali anyamata. Bungwe lawo ndi limene linamanga laibulale ndi kukumba mjigo zaka zisanu zapitazo, ndipo chikwangwani chawo chabuluu chinali chiimire pakhomo pa laibulalepo. Abwenzi atsopano anali a dziko la kum'mawa limene lalemera posachedwapa, ndipo likukula ngati dzungu la pachulu. Awiriwa pa wailesi amapatsana moni bwinobwino, koma sadyera mbale imodzi.

Pa nthawi ya buleki ahedi anaitanitsa Hafsa ku ofesi, poti ndiye ankalankhula Chingerezi mosaluma lilime.

"Iwe ndiwe udzalankhule m'malo mwa ana onse," anatero ahedi akumupatsa pepala. "Ndalemba kale. Ntchito yako ndi kuloweza basi."

Hafsa anawerenga akumwetulira mpaka anafika pa mzere wachitatu. Mzerewo unati: "Sukulu yathu ndi yamasiye. Chiyambire palibe mlendo amene anatiponyerako ngakhale njerwa imodzi."

"Koma ahedi, nanga laibulale ija?"

"Yatani laibulale?"

"Si anamanga ndi abwenzi akale?"

"Mwana iwe, ukundiphunzitsa mbiri ya sukulu yanga? Ine ndinalipo, riboni anagwira ndine. Tamvera. Anthu awiriwa ali ngati akazi a pamitala. Ukapita kwa wamng'ono sutamanda ndiwo za kwa wamkulu. Chikwangwani chija tichiphimba tsiku limodzi lokha, akapita tivundukula. Wapweteka ndani pamenepo? Labu ukuifuna kapena ayi?"

"Ndikuifuna, ahedi."

"Basi, kaloweze. Ndipo poweruka udzere kwa Mayi Malita. Ukawauze kuti Lachitatulo amayi onse avale nsalu ya nyenyezi, akachingamire alendo ku msewu."

2. Uthenga wosakwanira

Pali chinthu chimene Hafsa sankadziwa. Abwenzi atsopano aja anali atatumiza kale belo ya nsalu zoti amayi adzavale, zofiira za nyenyezi zachikasu. Beloyo inali m'chipinda chosungira makasu ndi matsache. Ahedi ankaganiza kuti achiwiri awo agawa kale. Achiwiriwo ankaganiza kuti agawa ndi ahedi. Ntchito ya anthu awiri ndi choncho.

Mayi Malita anali wapampando wa gulu la amayi othandiza sukulu, mayi wa Mvano wa mawu omveka kutsidya kwa mtsinje. Hafsa anawapeza pakhonde akusenda nandolo, ndipo anagwada n'kupereka uthenga uja monga anaulandirira.

"Nsalu ya nyenyezi?" anatero Mayi Malita akuwomba m'manja. "Iii, ndiye kuti alendo ake ndi olemera thupi! Imeneyo sitivala wamba, mwanawe. Yanga ili pansi penipeni pa sutikesi, sopo inangomuona kamodzi. Ukawauze ahedi kuti asadandaule, amayi onse ali nayo."

Hafsa sanafunse kuti nyenyezi zake ziti. Mutu wake unali pa mzere wachitatu uja.

3. Munthu amene ankayala kapeti

Hafsa ankakhala ndi azakhali ake ku Lirangwe kuti sukulu iyandikire, koma kwawo kwenikweni kunali ku Chileka. Loweruka anakwera minibasi kukaona bambo ake, a Salumu.

A Salumu anagwira ntchito pa bwalo la ndege zaka makumi atatu. Atapuma anatsegula kabenchi kokonzera masutikesi, kuika zipi ndi mateyala atsopano. Anthu ankawaseka kuti sutikesi amaidziwa kuposa nkhope ya mkazi wawo, iwo osakana.

"Asalamu alaikumu, ababa."

"Wa alaikumu salamu, adokotala athu! Nanga nkhopeyi bwanji, ngati mwameza mandimu?"

Hafsa anawapatsa pepala lija n'kuwamasulira mzere ndi mzere. A Salumu anamvetsera singano ili kukamwa. Atafika pa mzere wachitatu anailavula singano ija m'dzanja n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Amasiye? Sukulu ya mjigo ndi laibulale ndi yamasiye? Khala apo, mwanawe, ndikuuze za anthu awiriwa, poti ine ndawanyamulira zikwama onse."

Ndege inadutsa pamwamba pa denga, iwo n'kudikira kuti phokoso lithe.

"Nditangoyamba ntchito, pabwalo paja akati kwabwera alendo akuluakulu ndiye kuti ndi akumadzulo. Akatera, tonse malaya m'kati, nsapato zopolisha. Ine ntchito yanga inali kuyala kapeti wofiira. Kenako kunayamba kubwera ena awa a kum'mawa. Poyamba ankanyamula okha zikwama zawo, kumwetulira aliyense, ngakhale ine woyala kapeti. Palibe ankawawerengera. Zaka zikupita, ndege yawo ikukula. Tsiku lina zinangochitika kuti onse atera tsiku limodzi, ena m'mawa, ena masana. Am'mawa anatuma munthu wawo kudzandinong'oneza kuti, 'Kodi enawo muwayalira kapeti wotalika bwanji?' Masana ndikuona wina uyo, wa enawo, nayenso kukhutu kwanga: 'Kodi am'mawa aja munawayalira wotalika bwanji?' Ine kuseka chamumtima. Kapeti anali mmodzi yemweyo, ndinangomukutumula fumbi."

Hafsa anaseka koyamba sabata imeneyo.

"Usangoseka, umve," anapitiriza a Salumu. "Wakale uja amaopa kuti mpando umuchoka. Watsopano amaona kuti mnzake akuchedwa kunyamuka pampandopo. Onse awiri ali ndi mantha, ngakhale ndege zawo n'zazikulu. Ndiye akabwera kuno kwathu, chifundo chimakhalapo ndithu, sindikana, madzi a pa mjigo uja mukumwa. Koma amabweranso kudzaona kuti anzawo ndi angati, ndipo a mnzawoyo ndi angati. Akuluakulu amati atambala awiri salira m'khola limodzi. N'zoona. Koma iwe usaiwale kuti ife si nkhuku zawo. Khola ndi lathu."

"Nanga ndichite bwanji, ababa?"

"Ine ndikuuza zimene ndinaona. Mlendo si wopusa. Ukamuuza kuti m'nyumba mwako simunalowepo munthu, iye amayang'ana mapazi pakhomo. Ndipo munthu amene wakana bwenzi lake lakale pamaso pako, iwe umadziwa kuti mawa akana iwe. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Lachitatu madzulo adzakhala atakwera ndege apa. Iwe udzatsala ndi pakamwa pako pomwepo, ndipo ndi pamene uzidzapempherera."

"Koma ndikanena zoona, labu ipita ku Mdeka."

"Mwina ipita. Sindikunamiza kuti wonena zoona amapata nthawi zonse. Ine ndinaonapo onena zoona akubwerera chimanjamanja. Chosankha n'chako. Koma chimodzi ndikupempha: ahedi ako ndi munthu wamkulu, ndipo akuchita zimenezi chifukwa chokufunirani zabwino. Ukayambe wawauza paokha. Usakawavule pagulu."

Atatero anatolanso singano yawo. "Tsono gwira apa, zipi uyu wandivuta kuyambira m'mawa."

4. Laimu paliponse

Lolemba Hafsa analimba mtima n'kugogoda ku ofesi. Anapempha mwaulemu kuti mzere wachitatu uchotsedwe, ndipo anafotokoza zimene bambo ake ananena.

"Abambo ako ankayala kapeti, ine ndikuyendetsa sukulu," anatero ahedi. "A ku Mdeka alibe laibulale, alibe mjigo. Alendo akaona kuti ife tili nazo kale, ukuganiza kuti labu apereka kwa ndani? Kwa wokhuta kapena kwa wanjala? Chaka chatha ana makumi anayi analephera kemisitile pano. Ine ndi amene ndimayang'ana makolo awo m'maso. Pita ukaloweze."

Hafsa anatuluka mtima uli pawiri, chifukwa ahedi nawo sanali kunama pa zimenezo.

Lachiwiri sukulu yonse inanunkha laimu. Anapaka miyala, anapaka mitengo, anapaka ngakhale chitsa chimene aliyense ankapunthwapo. Galu wa alonda akanagona pamalo amodzi akanamupakanso. Madzulo ake achiwiri kwa ahedi anasolola nsalu imodzi yofiira pa belo ija n'kukuta chikwangwani cha abwenzi akale, n'kumanga ndi luzi. Anaona kuti belo ndi yodzaza, koma anangoti mwina ndi zotsala.

Ahedi anaimbira foni Mayi Malita. "Za nsalu zili bwanji, amayi?"

"Zonse zili m'malo, ahedi. Ena asita kale."

"Ambuye akudalitseni," anatero ahedi, n'kupita kwawo akuimba mluzu.

5. Nyenyezi zatuluka masana

Lachitatu dzuwa linawala ngati nalonso laitanidwa. Ana anaima m'mizere, makolo anakhala pansi pa mitengo, Hafsa anaima pafupi ndi ahedi pepala lili m'manja. Amayi aja anali atapita kale ku msewu waukulu, ndipo palibe wa pasukulu anawaona popita.

Cha m'ma 10 koloko kunamveka nthungululu. Magalimoto awiri oyera anakhota pa geti pang'onopang'ono, atazunguliridwa ndi amayi makumi anayi akuvina ndi kuimba:

"Alendo athu afika,
nyenyezi zatuluka masana!"

Nyenyezi zinatulukadi. Mayi aliyense anali atamanga nsalu yabuluu ya nyenyezi zoyera, yosita bwino, dzina la abwenzi akale litalembedwa m'mphepete ndi zilembo zoti ndi wa folomu 1 yemwe awerenga ali patali.

Ahedi anagwira tayi wawo ngati akumutsamwitsa. "Mayo ine! Ndafa ine!"

Anathamanga n'kukokera pambali Mayi Malita. Hafsa anawatsatira, poti uthenga ananyamula ndi iye.

"Amayi, mwandipha! Mwavala chiyani?"

"Aa, si munati ya nyenyezi? Si iyi munatigawira nokha potsegulira laibulale?"

"Nyenyezi zake si zimenezi!"

Mayi Malita anayang'ana nsalu yawo, n'kuyang'ana ahedi. "Kodi nyenyezi zilinso ndi eni ake?"

Nthawi yokangana panalibe. Alendo anali atatsika. Wamkulu wawo anali mayi wochepa thupi wa magalasi, atagwira kabuku. Pambali pake panali a Twahir, Mmalawi wogwira ntchito ku bungwe lawolo. Mayiyo anasamba m'manja, anakhala pampando, koma maso ake sanachoke pa nsalu zabuluu zija. Ahedi atamuonetsa Hafsa kuti ndiye wolankhula, mayiyo anamufunsa m'Chingerezi mofatsa.

"Nsalu zokongolazi amayi anu anazitenga kuti?"

Ahedi anawerama ngati akukonza nsalu ya patebulo. "Nena kuti n'za pa kaunjika ku Limbe," ananong'oneza. "Unene kuti sadziwa kuwerenga."

Hafsa anayang'ana Mayi Malita, amene Lamulungu lililonse amawerenga mawu ku tchalitchi. Anayang'ana anzake a folomu 3, onse maso ali pa iye.

"Pepani ahedi," anatero motsitsa mawu. "Chimenecho sinditha."

Analipinda pepala lija kawiri n'kuliika m'thumba la siketi. Kenako anakweza mawu, a Twahir akumasulira makolo m'Chichewa.

"Alendo athu, takulandirani. Nsalu zimene amayi athu avalazi anatipatsa ndi abwenzi athu akale, tsiku lotsegulira laibulale iyo. Amayi athu amazisunga pansi pa sutikesi ndipo amazivala pa tsiku lalikulu lokha. Lero azivala chifukwa cha inu. Madzi amene mwasamba m'manja ndi a pa mjigo umene anakumba abwenzi omwewo. Dzina lawo lili pa chikwangwani icho, kuseri kwa nsalu yanu. Tinachiphimba poopa kuti mukhumudwa.

"Ife ana a pano tikufuna labu. Ine ndiye ndimaifuna mpaka kuilota. Ndili folomu 3, koma botolo la kemisitile ndimangoliona pa bolodi. Ngati mutimangire, tidzasesa, tidzasamala, ndipo dzina lanu lidzaima pakhomo pake. Koma tikabisa lero dzina la amene anatithandiza dzulo, inu mudziwa bwanji kuti mawa sitidzabisa lanu? Zikomo."

Ahedi anali atatseka maso.

Mayi wa magalasi uja anaimirira. Anayenda mpaka pa chikwangwani, anamasula luzi yekha, n'kuchotsa nsalu yofiira ija. Anawerenga chikwangwanicho kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Zaka zisanu," anatero. "Bwanji chikuoneka chatsopano?"

"Timachipukuta Lachisanu lililonse," anayankha Hafsa.

Mayiyo analemba m'kabuku. Analowa m'laibulale, anatsegula mabuku atatu n'kuona kuti onse ndi okutidwa ndi mapepala a makalendala akale. Potuluka anaima pa ngodya ya nyumbayo n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa khoma, akuwerenga mapazi pakamwa.

"Khumi ndi asanu ndi atatu," anauza a Twahir. "Lembani."

Hafsa analuma mlomo kuti asaseke. Anangolakalaka bambo ake akanakhalapo.

Nsalu yofiira ija mayiyo anaipereka kwa Mayi Malita ndi manja awiri. Mayi Malita, osachedwa, anaikulunga kumutu ngati duku. Kumtunda kofiira, kumunsi kwabuluu, nyenyezi thupi lonse! Nthungululu zinayambiranso, mafoni anajambula, ndipo ndi alendo omwe anaseka. Koma pokwera galimoto sananene kuti labu ipita kuti. Anangoti, "Mumva."

6. Masabata awiri aatali

Mawu oti "mumva" ndi olemera. Hafsa anawasenza masabata awiri.

Ahedi sanamukalipire, ndipo chimenecho n'chimene chinamupweteka kwambiri. Akakumana naye ankangoyankha moni n'kupitirira. Anzake ena ndiye sanamusiye. "Uyo akubwera apoyo, mlongo wawo wa a ku Mdeka!" ankatero. Wina anajambula botolo pa desiki yake ndi choko n'kulemba kuti, "Labu yako ndi iyi." Tsiku limenelo Hafsa analira kuseri kwa mjigo, ndipo kunena zoona anadzifunsa ngati sanapuse.

Mayi Malita anamupeza pomwepo atabwera kudzatunga madzi.

"Pukuta misozi imeneyo," anatero. "Ndinamva zimene ahedi anakunong'oneza, makutu anga sagona. Akuti sindidziwa kuwerenga, ine! Tamvera, mwanawe. Labu ikapita ku Mdeka, kumeneko kulinso ana a anthu, aphunzira. Iwe udzavutika ndi mayeso, sindikubisira. Koma sukulu imene imaphunzitsa ana kunamiza alendo, ngakhale itakhala ndi malabu khumi, ikutulutsa akuba ophunzira. Ife tinavala nsalu ija mosadziwa. Iwe unalankhula ukudziwa. Kusiyana kwake n'kumeneko. Tiye, ndisenzetse ndowayi."

Masabata awiriwo atatha, Lolemba m'mawa ahedi anafikanso pa asembule atavala tayi. M'manja anali ndi kalata.

"Ana inu," anatero, "labu ikubwera pa Msambamfumu!"

Mbuzi zija zinathawanso. Ahedi anadikira kuti phokoso lichepe, kenako anawerenga. Alendo analemba kuti asankha sukulu imene imasamala zimene inapatsidwa. Analembanso kuti labuyo idzakhala yotalika mapazi makumi awiri ndi anayi.

"Laibulale ija ndi mapazi angati?" anafunsa ahedi.

"Khumi ndi asanu ndi atatu!" ana onse anakuwa akuseka.

Ahedi anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Hafsa, bwera kutsogolo kuno. Ine ndinakupatsa mawu olakwika, iwe unabwera ku ofesi kudzandichenjeza, ine osamva. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale akhale wa folomu 3. Ndalakwa ndine."

Hafsa anasowa poyang'ana. Ndi chimwemwe anangoti, "Zikomo, ahedi," misozi ili mbwembwembwe.

7. Geti ndi limodzi

Koma chithunzi cha Mayi Malita chija sichinagone pa Lirangwe. Chinayenda pa mafoni mpaka ku Lunzu, ku Chileka, m'tauni, n'kukafika pa tebulo la mabwana a abwenzi akale.

Lachinayi m'mawa ana ali m'kalasi kunamveka kulira kwa lole. Aliyense anathamangira pa windo. Lole yodzaza njerwa inkachokera kumtunda, a Twahir atakhala kutsogolo. Ana anayamba kuwomba m'manja, koma anangolekera panjira. Kuchokera kumunsi kunkabwera lole inanso, nayo yodzaza njerwa, kambendera kabuluu kakupepera pa galasi.

Malole awiriwo anafika pa geti nthawi imodzi n'kuima mphuno ndi mphuno. Geti la pa Msambamfumu limalowa ngolo imodzi. Dalaivala uyu analiza hutala, winayo naye analiza, ndipo panalibe wofuna kubwerera m'mbuyo.

M'lole yachiwiri munatsika a Nancy, mayi wogwira ntchito ku bungwe la abwenzi akale, envulopu ili m'manja.

"Ahedi, mwadzuka bwanji? Mabwana athu aona chithunzi chija ndipo akhudzidwa kwambiri. Akuti labu ya pa Msambamfumu amanga ndi iwo, poti ubale wathu ndi wakale. Idzakhala ya mapazi makumi atatu."

"Pepani amayi," anatero a Twahir akutsika nawo, "ife kalata tinapereka kale. Ndipo za mapazi tikhoza kukambirana."

Ahedi anayang'ana kuseri kwa folomu 4, kumene kunatsala malo okwanira nyumba imodzi yokha. Anayang'ana lole iyi, anayang'ana iyo, thukuta lili kamukamu.

"Mabwana athu akuti timve maganizo a mtsikana analankhula uja," anatero a Nancy.

"Athunso anatero," anatero a Twahir.

Hafsa anatuluka m'kalasi cholembera chili m'manja. Sukulu yonse inamupatsa njira mpaka pa geti. A Nancy ndi a Twahir anatembenukira kwa iye nthawi imodzi, aliyense akumwetulira ngati wapambana kale.

"Tiuze, mwana," anatero a Nancy. "Ilowe iti?"